Kacirombo ka TB: Mmene Kamabisalira M'thupi ndi Mmene Kamasinthira



Pa zolengeza za pa Sabata m'mipingo yathu muno mu Lusaka, kawirikawiri timamva za mbale kapena mlongo amene ali gone ndi cifuwa cacikulu, cimene ambiri timangoti TB. Azimai a cigwirizano akapita kukaona odwala ku Kabwata kapena ku Chelstone, amabwerako ndi mafunso amodzimodzi. Munthu uja anamwa mankhwala zaka ziwiri zapitazo, nanga wadwalanso bwanji? M'nyumba imodzi mugona anthu asanu ndi awiri, bwanji wadwala ndi mmodzi yekha? Tonse tinalandira katemera tili makanda, cipsera cili pamkono, nanga matendawa atipeza bwanji? Nanga adotolo aumiriranji miyezi 6 yathunthu pamene wodwala wayamba kale kudya bwino ndi kunenepa?

Mafunso otere akasowa woyankha, anthu amadzipezera okha mayankho. Wina amati ndi mdulo, wina amati ndi kaliondeonde, wina amati amulodza kunchito. Pamene abale akali kukangana, wodwala amacedwa kupita ku kiliniki, ndipo ana ogona naye cipinda cimodzi amapitiriza kupuma mpweya umene iye akhosomoleramo. N'cifukwa cake tafuna kuti tifotokozerane bwino za kacirombo kameneka: mmene kamakhalira m'thupi, mmene kamazembera citetezo cathu, ndi mmene kamasinthira mpaka kuleka kumva mankhwala.

Kukula kwa vutoli pakati pathu

Bungwe la WHO limaika Zambia pa maiko 30 amene TB yawavuta kwambiri. M'zaka za 2013 ndi 2014, Unduna wa Zaumoyo unacita kafukufuku woyamba wa dziko lonse, kupima anthu a zaka 15 kupita m'mwamba m'madera mwao. Anapeza kuti pa anthu 100,000 alionse, 638 anali ndi TB yotsimikizika mu labotale. M'cigawo ca Lusaka nambala inafika 932, ndipo ku Copperbelt inali 1,211. Kunena kwina, m'cigawo cathu cino panthawiyo, pafupifupi munthu wamkulu mmodzi pa anthu 100 anali ndi TB ya m'mapapo. Amuna ndiwo anapezeka nayo kwambiri kuposa akazi. Pa dziko lonse lapansi, m'caka ca 2023 anthu pafupifupi 10.8 miliyoni anadwala TB, ndipo pafupifupi 1.25 miliyoni anamwalira nayo.

Mpanda wa nyumba sutsekereza matendawa. Minibasi yocokera ku Kulima Tower kupita ku Chelstone imanyamula kalaliki wa m'ofesi ndi wogulitsa pa Soweto Market pampando umodzi. Amene amaphika ndi kulera ana m'nyumba za ku Kabulonga ndi Woodlands amagona ku Bauleni, ku Mtendere kapena ku Kalingalinga. Tonse timapumirana mpweya.

Kacirombo kocedwa kukula, kovala phula

Kacirombo koyambitsa TB ndi bakiteriya wochedwa Mycobacterium tuberculosis. Amene anakaonetsa poyera ndi dotolo wa ku Germany, Robert Koch, mumzinda wa Berlin pa 24 March 1882. N'cifukwa cake 24 March ndilo tsiku lokumbukira TB caka ciliconse.

Kali ndi makhalidwe awiri amene tiyenera kuwasunga m'mutu. Loyamba, kamaswana pang'onopang'ono. Mabakiteriya ena a m'matumbo amagawikana pawiri pa mphindi 20 zilizonse, koma ka TB kamatenga maola 15 mpaka 20. Ndiye cifukwa cake matendawa amayamba mwakacetecete, ndiponso kumeretsa kacirombo mu labotale kumatenga milungu. Laciwiri, khungu lake ndi lokhuthala, lodzala ndi mafuta olimba ngati phula. Phulali limakachinjiriza ku mankhwala ambiri amene amapha mabakiteriya ena mosavuta, ndipo limakathandiza kupirira m'kati mwa thupi.

Kamayenda mumpweya. Wodwala TB ya m'mapapo akakhosomola, akayetsemula, ngakhale poimba kapena kukamba mokweza, amatulutsa timadontho tosaoneka ndi maso. M'cipinda cotseka mawindo timadonthoti timatha kuyandama kwa maola angapo. Mphepo yodutsa imatimwaza, ndipo dzuwa limapha tizirombo tili m'menemo. Mbale, kapu, supuni, zovala ndi moni wa pamanja sizipatsira TB.

Wakuba wokhala m'kanyumba ka mlonda

M'mapapo mwathu muli maselo akuluakulu a citetezo ochedwa macrophage. Nchito yao ndi kumeza ciliconse cacilendo colowa ndi mpweya. Selo lotere likameza bakiteriya, limamuika m'kathumba, kenaka limalumikiza kathumbako ndi kathumba kena kodzala ndi asidi ndi timadzi togaya. Bakiteriya wamba amasungunuka momwemo.

Kacirombo ka TB kamalola kumezedwa. Kakalowa m'kathumba kaja, kamatulutsa zinthu zoletsa kuti timatumba tiwirito tikumane, motero asidi safika pamene kali. Kalinso ndi kakhomo kapadera kotulutsira mapuloteni, kamene akatswiri amakachula ESX-1. Imodzi mwa mapuloteni otulukira pamenepo, yochedwa ESAT-6, imaboola kathumbako kuti kacirombo kafikire m'kati mwa selo. Selo likayesa kukapha ndi mankhwala ake oyaka, kacirombo kali ndi puloteni ina yochedwa KatG imene imawasandutsa madzi ndi mpweya cabe. Musaiwale dzina limeneli, tikumana nalonso kutsogoloku.

Zili ngati wakuba amene walola kuti mlonda wa pageti amugwire, ndiye wasandutsa kanyumba ka mlondayo kukhala nyumba yake, nayamba kuberekeramo ana. Selo likafa, tizirombo timatuluka ndi kulowa m'maselo ena amene abwera kudzathandiza.

Citetezo cathu cili ndi gulu lina lanzeru kwambiri, maselo a T, amene pakati pao pali a CD4 aja amene timawamva ku kiliniki ya ma ARV. Pa matenda ambiri maselowa amafika m'masiku ocepa. Pa TB amacedwa milungu iwiri kapena itatu, nthawi zina kuposa pamenepo. Pofika iwo, tizirombo timakhala titaswana kale ndi kukhazikika.

Mpanda umene thupi limamanga

Likalephera kupha tizirombo tonse, thupi limatizinga. Maselo a citetezo amaunjikana mozungulira malo amene tili, kupanga kampira kochedwa granuloma. M'kati mwake mpweya ndi cakudya zimacepa, ndipo tizirombo tina timafa. Tina timacepetsa zocita zake zonse ndi kukhala ngati tagona. Munthu wotere sadwala ndipo sapatsira anzake. Akatswiri amayerekezera kuti pafupifupi munthu mmodzi pa anthu anai alionse padziko lapansi analowedwapo ndi kacirombo ka TB. Pa anthu 100 otere, 5 mpaka 10 ndiwo amadzadwala pa moyo wao, ambiri a iwo m'zaka ziwiri zoyambirira.

Apa ndiye pali yankho la funso lija la m'nyumba ya anthu asanu ndi awiri. Mwina ambiri a iwo anapuma kacirombo, koma mpanda wao ukali wolimba. Mpandawo umagumuka pamene citetezo cafooka. Zimene zimaufooketsa kwambiri ndi HIV, kusowa cakudya cokwanira, matenda a shuga, mowa wambiri ndi fodya. HIV imapha maselo a CD4 amene amagwirizira mpandawo, ndipo munthu amene ali ndi HIV ali pa ciopsezo codwala TB kuwirikiza kakhumi kapena kuposa poyerekeza ndi amene alibe. Ma ARV amacepetsa kwambiri ciopsezo cimeneci. Ana osafika zaka 5 naonso citetezo cao cikali canthete, ndipo mwa iwo TB imatha kufalikira msanga mpaka ku ubongo.

Buku la malangizo la kacirombo

Camoyo ciliconse cili ndi malangizo a kapangidwe kake olembedwa mu DNA. Tingayerekeze DNA ndi buku lolembedwa ndi zilembo 4 cabe, A, C, G ndi T, zobwerezedwa m'ndondomeko zosiyanasiyana. Ndime za m'bukuli zimachedwa majini. Mau amenewa asatisokoneze, sakukamba za mizimu ai. Jini ndi ndime imodzi ya malangizo opangira puloteni imodzi.

Mu 1998, gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Stewart Cole linatsiriza kuwerenga buku lonse la kacirombo ka TB. Muli zilembo pafupifupi 4.4 miliyoni ndi majini pafupifupi 4,000. Kacirombo kakamagawikana pawiri kamakopera buku lonseli, ndipo mwa apo ndi apo cilembo cimodzi cimalakwika. Kulakwika kumeneku kumapita kwa ana ake onse. Mwa ka TB zimenezi zimacitika mocedwa kwambiri, pafupifupi cilembo cimodzi pa zaka ziwiri. Tizirombo tiwiri ta TB tocokera kumalekezero awiri a dziko timasiyana zilembo pafupifupi 2,000 cabe pa mamiliyoni onse aja. Komanso sikabwerekana majini ndi mabakiteriya ena monga acitira mabakiteriya ambiri. Kusintha kwake konse kumacokera m'zolakwika zake zokha.

Ngakhale kusiyanaku n'kocepa, pa zaka zikwi zambiri kwabala mafuko. Akatswiri apeza mafuko pafupifupi khumi a TB ya anthu, ndipo amawachula ndi manambala. Fuko 1 ndi fuko 3 amapezeka kwambiri m'maiko ozungulira nyanja ya Indian Ocean, kuphatikizapo kum'mawa kwa Africa. Fuko 2, limene muli mtundu wochuka wa Beijing, linacokera kum'mawa kwa Asia. Fuko 4 ndilo lafalikira kwambiri padziko, ndipo kuyenda kwa Azungu m'nthawi ya atsamunda kunathandiza kulifalitsa. Mafuko 5 ndi 6 ali kumadzulo kwa Africa, fuko 7 ku Ethiopia, fuko 8 ku Rwanda ndi Uganda. Africa yekha ndiye ali ndi mafuko onse, ndipo ici ndi cimodzi mwa zifukwa zimene akatswiri ambiri amakhulupirira kuti TB inayambira kuno.

Mafuko amene ali muno mu Lusaka

Muno m'dziko, nchito yomeretsa ndi kupima tizirombo ta TB mozama imacitikira ku Chest Diseases Laboratory ndi ku UTH muno mu Lusaka, ndi ku Ndola. Kafukufuku wa ku Ndola wofalitsidwa mu 2010 anaonetsa kuti tizirombo tambiri kumeneko n'ta banja lochedwa LAM, la m'fuko 4, makamaka nthambi yake ya LAM11-ZWE. Zilembo ZWE ziimira Zimbabwe, kumene nthambiyi ilinso yofala. Akatswiri a ku UTH pamodzi ndi anzao a ku Hokkaido University ku Japan atapima tizirombo ta odwala a mu Lusaka, anapezanso kuti LAM ndiye woculuka. Anapezanso mtundu wina wa m'fuko 3 wochedwa CAS1-Kili, dzina locokera ku Kilimanjaro ku Tanzania, umene unkapezeka kawirikawiri pakati pa TB yosamva mankhwala.

Kodi fuko la kacirombo lili ndi kanthu pa kadwalidwe? Anzathu a ku Malawi atithandiza pa funsoli. M'boma la Karonga, akatswiri anawerenga DNA yonse ya tizirombo ta odwala oposa 1,600 a pakati pa 1995 ndi 2010, ndipo zotsatira zinafalitsidwa mu 2015. Anapeza mafuko 1, 2, 3 ndi 4, fuko 4 ndilo loculuka. Anaonanso kuti mafuko 2 ndi 3 amafalikira mosavuta kucoka kwa munthu kupita kwa mnzake, pamene fuko 1 limafalikira mocepa.

Cina cimene cadziwika n'cakuti tizirombo tina ta fuko 2 tili ndi mafuta apadera pakhungu pake, ochedwa PGL, amene amafooketsa uthenga umene maselo a citetezo amatumizirana poitana anzao. Fuko 4 silipanga mafutawa cifukwa linataya zilembo 7 cabe m'jini imodzi. Koma taonani, fuko 4 lomwelo ndilo ladwalitsa anthu ambiri padziko ndi muno mwathu. Palibe fuko limene tingalipeputse, ndipo mafuko onse a TB ya anthu amacizidwa ndi mankhwala amodzimodzi malinga ngati sanayambe kukana mankhwalawo.

Palinso wacibale wa kacirombo kameneka, Mycobacterium bovis, wa TB ya ng'ombe. Amapezeka m'ng'ombe za ku Namwala ndi m'nyama za lechwe za m'cigwa ca Kafue, ndipo angalowe mwa munthu kudzera mumkaka wosawiritsa. Mkaka wocokera kumudzi tiziuwiritsa tisanapatse ana.

Cinthu cimene cinadabwitsa akatswiri

Tizirombo tambiri timazemba citetezo mwa kusintha nkhope. HIV imasintha msanga kwambiri mapuloteni amene thupi limaizindikirira, ndipo kacirombo ka fuluwenza kamatero caka ndi caka, n'cifukwa cake katemera wake amapangidwanso caka ciliconse. Akatswiri ankaganiza kuti TB nayo imacita cimodzimodzi. Mu 2010, Iñaki Comas, Sebastien Gagneux ndi anzao anayerekeza DNA ya tizirombo 21 ta m'mafuko osiyanasiyana. Anapeza kuti zigawo zimene maselo a T amazindikira ndizo zasintha mocepa kwambiri m'buku lonse. Kacirombo ka TB sikabisa nkhope yake.

N'cifukwa ciani kangafune kuzindikirika? Maganizo amene akatswiri ambiri awaona kuti ndi omveka ndi awa. Kuti kafike mwa munthu wina, kayenera kutuluka m'mapapo kambiri nthawi imodzi. Citetezo cikamenyana nako mwamphamvu, m'kati mwa granuloma mumafewa ngati cizi, kenaka mumasungunuka ndi kutsegukira m'njira ya mpweya. Pamatsala mphako m'papo, imene imaoneka pa X-ray. M'mphako muli mpweya wokwanira, tizirombo timaswana mamiliyoni, ndipo wodwala amatikhosomolera panja. Ndiye kuti nkhondo ya citetezo cathu ndiyo imakatsegulira khomo lotulukira. Zimene madotolo amaona zimagwirizana ndi maganizowa: odwala amene CD4 yao yatsika kwambiri kawirikawiri sakhala ndi mphako m'mapapo, ndipo makhololo ao amakhala ndi tizirombo tocepa, ngakhale kuti iwo eni amadwala moopsa.

Ici citiphunzitsa kuti munthu wooneka wamphamvu, wopanda HIV, amene angokhosomola uku akupita kunchito tsiku lililonse, angakhale ndiye wofalitsa kwambiri. Pa kafukufuku wa m'maiko ambiri, pafupifupi theka la anthu opezeka ndi TB ya m'mapapo sanali kudandaula za cifuwa cokhalitsa. Anapezeka cifukwa ca X-ray.

Kumene kusintha kwa cilembo cimodzi kumaopsa

Pa mankhwala ndi pamene kusintha kwa majini kumaluma. Mankhwala a rifampicin amagwira makina amene kacirombo kamawerengera majini ake. Cilembo cimodzi cikasintha m'jini yochedwa rpoB, mankhwalawo amasowa pogwira. Mankhwala a isoniazid amalowa m'kacirombo ali ngati ogona, ndipo amene amawadzutsa ndi KatG, puloteni ija imene kacirombo kamadzichinjiriza nayo kwa macrophage. Kusintha kofala kwambiri m'jini ya katG kumacititsa kuti puloteniyi ileke kudzutsa isoniazid koma ipitirize mbali yaikulu ya nchito yake yochinjiriza. Kacirombo kamakhala kapulumuka mbali zonse ziwiri.

Kusintha kotere kumacitika mwangozi, mankhwala asanafike n'komwe. Pa tizirombo 1,000,000, pafupifupi kamodzi kamabadwa kosamva isoniazid. Pa tizirombo 100,000,000, pafupifupi kamodzi kamabadwa kosamva rifampicin. Mphako imodzi ya m'papo ingakhale ndi tizirombo 100,000,000 kapena kuposa. Ndiye kuti wodwala asanamwe piritsi ngakhale limodzi, m'papo mwake mungakhale kale tizirombo pafupifupi 100 tosamva isoniazid. Mukampatsa isoniazid yekha, tina tonse tifa, koma 100 tija titsala ndi kudzaza malo. Izi zinaoneka kale pa mankhwala oyamba a TB, streptomycin: pa kuyesa kwa ku Britain kofalitsidwa mu 1948, odwala ambiri anayamba kupeza bwino, koma patapita miyezi yocepa tizirombo tao tinali titaleka kumva.

Koma kuti kacirombo kamodzi kabadwe kosamva mankhwala awiri onsewo nthawi imodzi, mwai wake ndi umodzi pa nambala ya 1 yotsatidwa ndi mazero 14. N'cifukwa cake ku TB corner amapereka mankhwala 4 pamodzi m'miyezi 2 yoyamba, rifampicin, isoniazid, pyrazinamide ndi ethambutol, kenaka rifampicin ndi isoniazid kwa miyezi ina 4. Kamene kapulumuka kwa mmodzi kamaphedwa ndi mnzake. Tizirombo toswana msanga timafa m'milungu yoyambirira, n'cifukwa cake wodwala amamva bwino msanga. Tija togona m'makona timafa pang'onopang'ono, ndipo miyezi yotsalayo ndi ya timeneto. Kulekeza panjira kumatisiya amoyo. Kumwa modumphadumpha kumapatsa mpata tosamva mankhwala kuti ticuluke.

TB yosamva rifampicin ndi isoniazid imachedwa MDR-TB. Kale inkafuna mankhwala a miyezi 18 mpaka 24 pamodzi ndi nyeleti zimene zinagonthetsa anthu ambiri makutu. Mu 2022 WHO inavomereza mankhwala akumwa okhaokha a miyezi 6, ophatikiza bedaquiline, pretomanid, linezolid ndi moxifloxacin. Ndi nkhani yabwino, koma kacirombo sikanaleke kusintha, ndipo m'maiko oyandikana nafe monga Mozambique ndi South Africa mwapezeka kale tizirombo tosamva bedaquiline. Kuopsa kwa nkhaniyi kunaoneka ku Tugela Ferry ku KwaZulu-Natal, kumene mu 2006 kunalengezedwa za odwala 53 a TB yokana mankhwala ambiri. Mwa iwo 52 anamwalira, ambiri m'milungu yocepa cabe.

Tisafulumire kuweruza

Pali mfundo imene ife a mumpingo tiyenera kuigwiritsa. Munthu akapezeka ndi MDR-TB, sizitanthauza kuti anaseweretsa mankhwala. Ambiri amacita kupatsidwa kacirombo kosamva kale mankhwala, ngakhale sanadwalepo TB cibadwire. Popeza DNA ya kacirombo imasintha mocedwa, tizirombo ta anthu awiri tikafanana pafupifupi cilembo ndi cilembo, ndi umboni wakuti tacokera pa gwero limodzi posacedwa. Akatswiri aja a ku UTH ndi Hokkaido atawerenga DNA yonse ya tizirombo ta CAS1-Kili tosamva mankhwala, anapeza magulu a odwala a mu Lusaka amene tizirombo tao tinali tofanana motero. Anthuwo anapatsirana muno mumzinda.

N'cimodzimodzi ndi amene wadwala kaciwiri. Kafukufuku wa ku Karonga anaonetsa kuti mwa ena ndi kacirombo kakale kamene kadzukanso, koma mwa ena ndi kacirombo katsopano kamene akapuma kwa munthu wina, makamaka mwa anthu amene ali ndi HIV. Kudwala TB kamodzi sikuteteza munthu kuti asadzadwalenso.

Kudziwa majini kwathandizanso pa kupima. Makina a GeneXpert, amene WHO inawavomereza mu December 2010 ndipo tsopano ali m'zipatala ndi makiliniki ambiri mu Lusaka, amafufuza DNA ya kacirombo m'makhololo ndi kuonanso jini ya rpoB. M'maola pafupifupi awiri amanena ngati muli TB ndiponso ngati ili yosamva rifampicin. Komabe makinawa amaona kacigawo kamodzi ka jiniyo. Ku Eswatini kunapezeka kuti pafupifupi 30 pa 100 ya MDR-TB ya m'kafukufuku wa 2009 inali ndi kusintha kunja kwa kacigawoko, kumene makina sankakuona. Conco wodwala amene akumwa mankhwala mokhulupirika koma sapeza bwino ayenera kubwerera ku kiliniki, kuti makhololo ake akapimidwe mozama. Kupereka makhololo pakutha pa mwezi waciwiri, wacisanu ndi wacisanu ndi cimodzi n'kofunika pa cifukwa comweci.

Nanga katemera?

Katemera wa BCG anayamba kugwiritsidwa nchito mu 1921. Albert Calmette ndi Camille Guérin a ku France anatenga kacirombo ka TB ya ng'ombe nakamera mu labotale maulendo 230 kwa zaka 13, mpaka kanafooka. Iwo sanadziwe cimene cinasintha. Lero tidziwa kuti kanataya cigawo ca DNA cimene muli jini ya ESAT-6, ija yoboola kathumba. BCG amateteza bwino ana aang'ono ku TB ya ku ubongo ndi TB yofalikira thupi lonse, conco mwana aliyense ayenera kulandira atangobadwa. Koma pa TB ya m'mapapo ya akulu citetezo cake n'cosadalirika. Ku Karonga, kuyesa kwakukulu kofalitsidwa mu 1996 kunaonetsa kuti kubaya BCG kaciwiri kunathandiza kuteteza khate, koma osati TB.

Anthu a mu Lusaka atengako mbali pa kufunafuna katemera watsopano. Katemera wochedwa M72 anayesedwa pa akulu oposa 3,500 ku Kenya, South Africa ndi Zambia, ndipo kuno nchitoyo inacitika kudzera ku Zambart ndi CIDRZ. Zotsatira zomaliza za mu 2019 zinaonetsa kuti pa zaka zitatu anacepetsa kudwala TB ndi pafupifupi theka mwa anthu amene anali atalowedwa kale ndi kacirombo. Kuyesa kwakukulu kotsiriza kunayamba mu 2024, ndipo Zambia ndi Malawi alimo. Kufikira zotsatira zitatuluka, cida cathu cacikulu ndi kupeza odwala msanga ndi kuwaciritsa kotheratu.

Zimene tingacite monga mpingo

Aliyense amene akhosomola kwa milungu iwiri, kapena akuonda, kutentha thupi ndi kutuluka thukuta usiku, apite akapimitse. Amene ali ndi HIV asadikire milungu iwiri. Kupima ndi mankhwala a TB n'zaulere m'zipatala ndi makiliniki a boma, kaya ndi ku Kabwata, ku Chelstone, ku Chilenje kapena ku Levy Mwanawasa, ndiponso m'zipatala za mishoni za pansi pa CHAZ.

Munthu akapezeka ndi TB, onse a m'nyumba mwake akapimidwe, ngakhale amene sadwala. Ana osafika zaka 5 ndi anthu amene ali ndi HIV angapatsidwe mankhwala oteteza, opha tizirombo togona tisanadzuke. Ena mwa mankhwalawa amamwedwa kamodzi pa mlungu kwa milungu 12.

Mawindo a m'chalichi tizitsegula, ngakhale mu June ndi July pamene kwazizira. Titero pa mapemphero a usiku wonse, pophunzira nyimbo za kwaya, pa nyumba ya maliro pamene anthu ambiri agona cipinda cimodzi, ndi m'minibasi. Wodwala tisamupatulire mbale kapena kapu, pakuti sizithandiza kanthu koma kumusweka mtima. Amene wayamba mankhwala omugwira bwino amaleka kupatsira ena pakapita milungu yocepa, kawirikawiri iwiri, ndipo a ku kiliniki ndiwo angatsimikize. Inu amene muli ndi anchito panyumba, musawacotse nchito cifukwa ca TB. Wanchito woopa kucotsedwa amabisa cifuwa cake, ndipo amene amapuma naye tsiku lonse ndi ana anu.

Mankhwala a TB amabweretsa njala, ndipo ambiri amalekeza cifukwa cosowa cakudya kapena ndalama ya basi yokatengera mapiritsi. Pamenepa madikoni ndi azimai a cigwirizano angacite zazikulu ndi thumba la ufa, nyemba, kapenta ndi nsinjiro. Wodwala aliyense akhale ndi munthu mmodzi womukumbutsa tsiku ndi tsiku mpaka tsiku lomaliza. Mkodzo ukafiira ngati lalanje asaope, ndi rifampicin. Koma maso akacita cikasu, akamasanza kosaleka, kapena akayamba kuona mwacimbuuzi, apite ku kiliniki tsiku lomwelo.

Tizipempherera odwala athu monga ticitira nthawi zonse. Koma pasapezeke mbusa, mkulu wa mpingo kapena mtsogoleri wa mapemphero wouza wodwala kuti wacira ataye mapiritsi, kapena womuuza kusala kudya ali pa mankhwala. Kumva bwino pa mwezi waciwiri kutanthauza kuti tizirombo toswana msanga tafa, koma togona tija tikalipo. Wonena kuti munthu wacira TB ndi labotale, atapima makhololo a mwezi womaliza. Mbale wathu akabwera ndi khadi lake losainidwa kuti watsiriza, pamenepo tiimirire naye pamodzi ndi kuyamika.